Makina m'khutu, manja kumbuyo

Chipangizo chatsopano chikamalowa m'sukulu zathu, akuluakulu amafunsa ngati aphunzitsi ali okonzeka kuchigwiritsa ntchito. Yankho lake timalidziwa kale: maphunziro a masiku ochepa ku TDC, alawansi, kenako lipoti lakuti aphunzitsi akonzeka. Munthu akadziwa kuyatsa, kutchaja ndi kutsekera chipangizocho m'kabati, nkhani yatha. Kwa mwana wakumva muyeso umenewu mwina ungakwanire. Kwa mwana wosamva, mbiri ya zaka zoposa 140 ikuonetsa kuti ndi wopereweratu. Kangapo konse aphunzitsi aphunzitsidwa makina bwinobwino, koma n'kusiyidwa osadziwa chinenero cha mwana amene wavala makinawo. Anzanga amene tikuchita maphunziro a zauphunzitsi tiyenera kuidziwa mbiri imeneyi, chifukwa matabuleti afika kale m'makalasi amene tikukaphunzitsamo.

Sukulu za ana osamva zinayamba magetsi kulibe. Cha m'ma 1760 wansembe wina wa ku Paris, Charles-Michel de l'Épée, anatsegula sukulu yaulere ya ana osamva. Iye anaona kuti anthu osamva a mumzindawo anali kale ndi njira yolankhulirana ndi manja, ndipo anaiphunzira kwa iwo n'kuyamba kuphunzitsira momwemo. Ku Leipzig, m'dziko la Germany, Samuel Heinicke anatsegula yake mu 1778 ndi maganizo osiyana: mwana aphunzire kutulutsa mawu ndi kuwerenga milomo ya wolankhula. Njira ziwirizi zinayenda limodzi zaka pafupifupi 100. Ya manja inawoloka nyanja pamene Laurent Clerc, mphunzitsi wosamva wa ku Paris, anapita ku America ndi Thomas Hopkins Gallaudet n'kukatsegula sukulu ku Hartford mu 1817. Pofika mu 1870, aphunzitsi oposa 40 mwa 100 alionse m'sukulu za osamva ku America anali osamva eni ake. Mwana ankalowa m'kalasi n'kupeza munthu wamkulu wolankhula chinenero chake.

Mu Seputembala 1880 zinthu zinatembenuka. Aphunzitsi a ana osamva ochokera m'mayiko osiyanasiyana anasonkhana ku Milan, ku Italy. Nthumwi zinalipo 164, ndipo pafupifupi zonse zinali anthu akumva. Anavota, 160 kwa 4, kuti njira yapakamwa ndiyo yoposa ya manja, ndipo anagwirizananso kuti kusakaniza manja ndi mawu kumaononga kulankhula. M'zaka zotsatira manja anathamangitsidwa m'makalasi ambiri ku Ulaya ndi ku America. Ana ankauzidwa kukhalira manja awo kapena kuwaika kumbuyo, ndipo ogwidwa akulankhula ndi manja ankalangidwa. Aphunzitsi osamva anayamba kutha ntchito, poti munthu wosamva sangakonze katchulidwe ka mwana. Pofika mu 1917 chiwerengero chawo ku America chinali chitatsika kufika pansi pa 15 mwa 100 alionse.

Mmodzi mwa anthu amene anakankha kwambiri njira yapakamwa ku America ndi Alexander Graham Bell, yemwe timamudziwa chifukwa cha telefoni ya mu 1876. Bell anali mphunzitsi wa ana osamva asanatchuke ndi makina. Mayi ake anali ndi vuto la kumva, mkazi wakenso Mabel anali wosamva. Mu 1890 anakhazikitsa bungwe lolimbikitsa kuphunzitsa osamva kulankhula. Munthuyu sanali wankhanza mwadala. Ankakhulupirira kuti mwana wosamva adzapeza malo m'dziko pokhapokha atafanana ndi akumva. Chikhulupiriro chimenechi ndicho chinaumba mmene zipangizo zonse zobwera pambuyo zinalandiridwira m'sukulu.

Poyamba zida za mphunzitsi zinali galasi loonera mmene lilime likukhalira, kandulo yoonetsa mpweya wa "p", ndi dzanja la mwana pakhosi pa mphunzitsi. Mu 1898 Miller Reese Hutchison anapanga makina oyamba amagetsi othandiza kumva, otchedwa Akouphone. Kenako m'makalasi munabwera makina okweza mawu a kalasi yonse: ana atakhala mozungulira, aliyense ndi mahedifoni, mphunzitsi ali ndi maikolofoni. Mu 1919 yunivesite ya Manchester ku England inayamba kuphunzitsa aphunzitsi a ana osamva, ndipo pansi pa Irene ndi Alexander Ewing inatchuka pa kuyeza makutu a ana aang'ono ndi kugwiritsa ntchito kumva kochepa kumene mwana watsala nako. Transistor itatulukira mu 1947, makina a m'khutu anali m'gulu la zinthu zoyamba kuigwiritsa ntchito, kuyambira mu 1952. Makina anachepa mpaka mwana kumayenda nawo.

Mphunzitsi wokonzeka wa nthawi imeneyo anali katswiri ndithu. Ankatha kuwerenga pepala la zotsatira za kuyeza makutu, kulumikiza mawaya, ndi kuphunzitsa mwana kusiyanitsa "s" ndi "sh". Chimene sankaphunzitsidwa, ndipo kawirikawiri ankaletsedwa, chinali kulankhula ndi manja. Ana amene anali ndi kumva kokwanira, kapena amene anagontha atadziwa kale kulankhula, anapindula. Koma kwa mwana wobadwa wosamva kwenikweni, makina ankangobweretsa phokoso, ndipo ankatsala ndi milomo ya aphunzitsi. Kuti muone kuvuta kwake, imani pagalasi n'kutchula mopanda mawu "bala", "pala" ndi "phala", kapena "mano" ndi "pano". Milomo ikuchita chimodzimodzi. "Kula" ndi "gula" amasiyanira kukhosi kumene diso silifika. Mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo pamsika timazisiyanitsa ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu, ndipo zimenezo sizioneka pamilomo n'komwe.

Zotsatira zinayamba kuonekera poyera m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Ofufuza a ku America ankalowa m'makalasi n'kuyesa makina amene ana avala, ndipo mobwerezabwereza ankapeza kuti pafupifupi theka sakugwira bwino ntchito: batire latha, chingwe chaduka, kapena phula latseka kachubu. Mwana ankakhala tsiku lonse ndi chinthu chakufa m'khutu, aphunzitsi n'kumaganiza kuti akumva. Vutoli linakula mpaka malamulo a maphunziro a dzikolo analamula sukulu kuonetsetsa kuti makina a ana akugwira ntchito. Ku England ndi ku Wales, Reuben Conrad anayesa ana osamva oposa 400 amene ankamaliza sukulu ali ndi zaka 15 kapena 16. M'buku lake la mu 1979, The Deaf Schoolchild, anaonetsa kuti mwana wapakatikati mwa iwo ankawerenga ngati mwana wakumva wa zaka 9, ndipo pa kuwerenga milomo sankaposa ana akumva amene sanaphunzirepo luso limenelo. Zaka khumi za maphunziro m'dziko lolemera, makina alipo, aphunzitsi ali ndi masatifiketi, phindu lake linali limenelo.

Nthawi yomweyo William Stokoe wa ku koleji ya Gallaudet anali ataonetsa, mu 1960, kuti kulankhula kwa manja kwa osamva a ku America ndi chinenero chokwanira, chokhala ndi malamulo ake. Pang'onopang'ono manja anabwerera m'makalasi. Koma panatenga zaka 130 kuti msonkhano womwe uja wa aphunzitsi a osamva, utakumana ku Vancouver mu 2010, ukane poyera zimene unagwirizana ku Milan ndi kuvomereza kuti zinapweteka anthu.

Ku Africa maphunziro a ana osamva analowa ndi njira zonse ziwiri. Andrew Foster, amene anagontha ali ndi zaka 11 chifukwa cha matenda oumitsa khosi, anali munthu wakuda woyamba kutenga digiri ku Gallaudet, mu 1954. Mu 1957 anatsegula sukulu ku Accra, ku Ghana, ndipo pomwe ankafa pa ngozi ya ndege ku Rwanda mu 1987 anali atayambitsa sukulu 32 m'mayiko 13, makamaka kumadzulo ndi pakati pa Africa. Foster ankaphunzitsa ndi manja ndipo ankasula osamva anzake kukhala aphunzitsi. Chilema cha ntchito yake n'chakuti anabwera ndi zizindikiro za ku America, zimene m'mayiko ena zinaphimba za kumeneko. Komabe ana ake ankamva zimene aphunzitsi akunena kuyambira chaka choyamba, popanda batire.

Kuno kwathu njira inali ina. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 abulazala a chipani cha FIC ochokera ku Netherlands anayamba ntchito yophunzitsa ana osamva ndi aphunzitsi awo ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kumene kuli sukulu ya Maryview. Ankachokera kudziko limene njira yapakamwa inali yolimba kwambiri, ndipo anabwera nayo. Pambuyo pake kunabwera sukulu za Mua ku Dedza, Mountain View ku Thyolo, Embangweni ku Mzimba, Bandawe ku Nkhata Bay ndi ina ku Karonga. Tiyenera kunena chilungamo: abulazalawa ndi mipingo anayamba ntchito pamene panalibe chilichonse, m'nthawi imene mwana wosamva ankangotchedwa gonthi kapena bubu n'kusiyidwa kubusa mbuzi. Koleji ya Montfort yakhala ikusula aphunzitsi apadera a ana osamva kwa zaka zoposa 50. Koma kwa nthawi yaitali maphunziro amenewa anatsamira pa kulankhula ndi kuwerenga milomo, pamene ana eni ake ankalankhulana ndi manja kumalo ogona ndi kubwalo la masewera. Chinenero chamanja cha ku Malawi chinakula pakati pa osamva eni ake, ndipo bungwe lawo la MANAD ndilo lakhala likuchimenyera nkhondo. Dikishonale yoyamba ya chinenerochi inatuluka mu 2021, patapita zaka zoposa 50 chiyambire sukulu yoyamba.

Mbiri yomweyi ili ndi mbali ina yosangalatsa: zipangizo zimene zinasinthadi moyo wa osamva. Telefoni ya Bell inawatsekera kunja kwa zaka pafupifupi 90. Amene anatsegula khomo ndi Robert Weitbrecht, wasayansi wosamva, yemwe mu 1964 anapanga kachipangizo kolola anthu kulemberana mawu kudzera pa waya wa telefoni. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mu 1980 ku America kunayamba mawu olembedwa pansi pa kanema amene munthu amayatsa yekha. Mafoni a m'manja atafika, osamva analandira SMS mwachangu, ndipo lero amalankhulana ndi manja pa vidiyo ya WhatsApp popanda wina kuwachitira semina. Ku Botswana, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kampani ya Godisa inayamba kupanga tchaja ya dzuwa ya mabatire a makina a m'khutu, ndipo ogwira ntchito ake ambiri anali osamva. Zipangizo zonsezi zikufanana pa chinthu chimodzi. Zimanyamula chinenero chimene munthuyo ali nacho kale, kapena zimayankha vuto limene iye mwini analiona. Zimene zinavuta m'makalasi ndi zimene zinaikidwa kuti zilowe m'malo mwa chinenero.

Chaka cha 1994 chinasintha malo amene mwana wosamva amaphunzirira. Boma litayamba maphunziro aulere a pulayimale, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo linalemba aphunzitsi ambirimbiri amene anali asanapite kukoleji. Chaka chomwecho, ku Salamanca m'dziko la Spain, maboma 92 anagwirizana kuti ana olumala aziphunzira limodzi ndi anzawo m'sukulu wamba. Ambiri timakumbukira mfundo imeneyi n'kuiwala kuti chikalata chomwecho chinatchula osamva mwapadera. Chinati chinenero chamanja chilemekezedwe, ndipo chinavomereza kuti ana osamva angathandizike bwino m'sukulu kapena m'makalasi awoawo chifukwa cha nkhani ya kulankhulana. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, limene ndime yake ya 24 imalamula maboma kulemba ntchito aphunzitsi odziwa chinenero chamanja, kuphatikizapo aphunzitsi olumala. Papepala zonse zilipo. M'kalasi, mwana wosamva wa m'mudzi wakutali ndi Mua kapena Embangweni amakhala pakati pa anzake 80 kapena 100, patsogolo pali mphunzitsi amene amalemba pabolodi atatembenuka msana uku akufotokoza.

Tinaona kumene zimenezi zimathera mu 2020. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, njira yaikulu imene ana a pulayimale anapatsidwa inali maphunziro a pawailesi. Ganizolo linali lomveka, poti wailesi imafika kumene intaneti siifika. Koma kwa mwana wosamva wailesi ndi bokosi chabe. Ndipo popeza ana osamva oposa 90 mwa 100 alionse amabadwa kwa makolo akumva, ambiri anakhala miyezi imeneyo m'nyumba momwe munalibe woti n'kucheza naye mozama, osanenanso zowafotokozera phunziro.

Tsopano kwabwera matabuleti. Kuyambira mu 2023, kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, boma likugawa matabuleti otchajidwa ndi dzuwa m'sukulu za pulayimale kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira kuwerenga ndi masamu. Mwana amavala mahedifoni, pulogalamu n'kumamulankhula m'Chichewa: gwira apa, tchula liwu ili, werenga nambala iyi. Kwa ana akumva ndi mwayi waukulu, ndipo pa masamu zithunzi zake zingathandize ndithu mwana wosamva. Koma taganizirani chithunzi cha mwana wosamva atavala mahedifoni, akugwira paliponse mpaka chinachake chisinthe. Wodutsa angaone mwana amene akuphunzira ndi zipangizo zamakono. Ndi chithunzi chomwe chija cha m'ma 1960, cha mwana wovala makina akufa. Amene angaone kusiyana ndi mphunzitsi yekha, ndipo angakuone ngati angathe kumufunsa mwanayo zimene wamvetsa.

Wina anganene kuti ndikunyoza makina, pomwe ana ambiri a vuto la kumva sali osamveratu. Mfundoyo ndi yoona. Ana ambiri kuno amamva pang'ono, ena chifukwa cha mafinya a m'khutu osachiritsidwa, ena atadwala malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi. Kwa iwowa makina a m'khutu amasintha moyo, ndipo ndi nkhani yabwino kuti tsopano tili ndi zipatala zoyeza makutu ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku African Bible College ku Lilongwe. Koma makinawo amafuna munthu. Batire lake limatha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Kachikombole kolowa m'khutu kamayenera kusinthidwa mwana akamakula, apo ayi makina amangolira mluzu. Chinyezi ndi fumbi zimawaononga. Amakweza mawu a aphunzitsi pamodzi ndi phokoso la kalasi, ndiye mvula ikamagwa pa malata mwana amamva mvulayo. Mphunzitsi wokonzeka amayesa makina m'mawa uliwonse, amatchula mawu asanu ndi limodzi amene Daniel Ling anasankha poyesera kumva, "a", "u", "i", "m", "s" ndi "sh", ataphimba pakamwa, n'kuona ngati mwana akuyankha. Amamukhazika kutsogolo, amayang'ana kalasi polankhula, saima pawindo pamene kuwala kumabisa nkhope yake. Zonsezi zimatenga mphindi zochepa, ndipo sizifuna ndalama za wopereka thandizo. Tsiku limene batire latha, ndipo limatha ndithu, mwana amene aphunzitsi ake amadziwa manja amapitiriza kuphunzira.

Wina anganenenso kuti sitingaphunzitse aphunzitsi onse chinenero chatsopano. Onse sangakhale akatswiri, n'zoona. Koma tikamawerengera mtengo wa kukonzekeretsa aphunzitsi, tiwerengere zonse. Ngati ndondomeko ili ndi ndalama zophunzitsira anthu kutchaja matabuleti, ikhalenso ndi gawo lophunzitsira chinenero chamanja kwa aphunzitsi a sukulu zimene muli ana osamva, ndipo ophunzitsawo akhale osamva eni ake, olipidwa ngati akatswiri ena onse. Makoleji a aphunzitsi achiphunzitse ngati chinenero, chokhala ndi mayeso ochita ndi manja, m'malo mwa mutu umodzi wa m'buku umene munthu amaloweza n'kulemba. Pulogalamu iliyonse yogulidwa ndi boma iyesedwe ndi ana osamva isanagawidwe, ndipo malangizo ake akhale ndi vidiyo ya chinenero chamanja cha kuno, osati cha ku America kapena ku Britain. Mawu olembedwa pansi pa kanema ndi abwino, koma amathandiza amene amadziwa kale kuwerenga, ndipo mwana wa Sitandade 1 amaphunzira kuwerenga kudzera m'chinenero chimene ali nacho kale. Anansi athu anachita kale mbali imene ife tikuzengereza: Uganda inalemba chinenero chamanja m'malamulo ake aakulu mu 1995, Zimbabwe inachiika pakati pa zinenero zake 16 mu 2013, pamndandanda womwewo ndi Chichewa, ndipo South Africa inachipanga chinenero cha boma cha nambala 12 mu 2023.

Chachikulu chimene Milan anachotsa m'kalasi ndi mphunzitsi wosamva, ndipo mpaka lero sanabwerere mokwanira. Njira yopita ku uphunzitsi imadutsa pa MSCE, mayeso amene mwana wosamva amafikapo atadutsa sekondale imene aphunzitsi ambiri sankatha kulankhula naye. Tikatero timati palibe osamva oyenera kulowa kukoleji, ngati kuti vutolo analipanga ndi iwo. Pamene tikukonza njirayo, palibe choletsa sukulu kukhala ndi munthu wamkulu wosamva ngati wothandizira m'kalasi. Iyeyo angaone pa mphindi imodzi kuti mwana sakumvetsa zimene tabuleti ikufuna, chinthu chimene mphunzitsi wakumva angathe teremu yonse osachizindikira.

Ife amene tikumaliza maphunziro tidzafunsidwa mafunso ambiri okhudza kukonzeka kwathu: ngati timadziwa kompyuta, ngati tinagwiritsapo pulojekita, ngati tili ndi foni ya intaneti. Ambiri tidzayankha kuti inde, ndipo tidzakhala tikunena zoona. Muyeso umene mbiri ikutipatsa ndi wina. Mwana wosamva wa zaka 7 akadzakukokani malaya n'kuyamba kukufotokozerani ndi manja kuti tabuleti yazima, kapena kuti mnzake wamumenya, kapena kuti sanadye, kodi mudzamva? Aphunzitsi a ku Manchester, ndi makina awo onse, ambiri sakanamva. De l'Épée, wopanda magetsi, akanamva, chifukwa anayamba wakhala pansi n'kuphunzira kwa ana ake. Dikishonale ilipo tsopano, MANAD ilipo, ndipo m'tauni iliyonse muli osamva amene amasonkhana Lamlungu kutchalitchi kapena pabwalo la mpira. Amene akufuna kukonzeka angayambire kumeneko teremu ino.